Sola yonyamula ndi batire la pa kampu: mafunso amene ndimafunsidwa kuno ku Mzuzu

Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi magetsi a galimoto. Koma mvula ikangokata, anthu amene amandipeza kwambiri ndi apaulendo: madalaivala operekeza alendo ku Nyika ndi ku Vwaza, atsogoleri a achinyamata a mpingo amene akukamanga matenti ku Chintheche, ogwira ntchito amene akukagona sabata yathunthu kumidzi ya ku Usisya komwe sapeza posomeka tchaja. Inenso ndimapita kutchire ndi banja langa mpata ukapezeka. Mafunso a anthuwa amafanana, ndiye ndawasonkhanitsa pano. Chimene chimandiwawa n'kuona batire lodula likufa lisanathe ndi chaka chomwe, chifukwa cha zinthu zoti mwini wake akanangouzidwa.

Ndigule panelo ya mawati angati?

Funso ili ndilo loyamba kwa aliyense, koma ine ndimayamba ndabweza lina: mukukayatsa chiyani? Tengani pepala, lembani chipangizo chilichonse, mawati ake, ndi maola amene chidzayake pa tsiku. Mawati kuchulukitsa ndi maola, mupeza Wh, ndipo Wh ndiye ndowa yoyezera magetsi amene mumadya.

Tiyeni titenge banja la anthu 4. Mababu 3 a LED a 3 W lililonse, kuyaka maola 4 madzulo, ndi 36 Wh. Mafoni 4, iliyonse pafupifupi 15 Wh, ndi 60 Wh. Laputopu kuitchaja kamodzi, 60 Wh. Zonsezi pamodzi sizikufika ndi 200 Wh komwe, ndipo panelo imodzi ya 100 W ikukwanirani mpaka kutsala. Zimasintha mukalowetsapo furiji. Kafuriji ka 12 V ka kompuresa, ka malita 40, kamadya pakati pa 300 ndi 500 Wh pa tsiku malinga ndi kutentha kwa malo komanso kuchuluka kwa manja amene akukatsegula. Ku Chelinda kamapuma nthawi yaitali. Ku Chitimba mu Okutobala kamangolira osaleka. Ndiye banja lomwe lija lafika pa 600 Wh kapena kuposa, tisanawerengere zotayika m'mawaya ndi pa kutchaja.

Panelo ya 100 W pa tsiku la dzuwa labwino imakolola pakati pa 350 ndi 400 Wh. Muli ndi furiji, musatsike pa 200 W. Mulibe furiji, 100 W ndi yokwana.

Pa panelo analemba 100 W, koma sindinaonepo 100 pa kontirola (kabokosi kowongolera kutchaja pakati pa panelo ndi batire). Anandibera?

Mwina ayi. Nambala imeneyo imayezedwa kufakitale, pa kuwala kwa 1000 W pa sikweya mita, panelo ili pa 25°C. Panja sizikhala choncho. Galasi likakhala pa dzuwa limatentha mpaka kulephera kuligwira, ndipo pa digiri iliyonse yopitirira 25 panelo imataya pafupifupi 0.4 peresenti ya mphamvu yake. Mukaona 70 kapena 80 W masana, panelo yanu ili bwino.

Anthu ambiri amadabwa ndikawauza kuti panelo simakonda kutentha. Imafuna kuwala. N'chifukwa chake pa Nyika, pamene mphepo ikuzizira koma kumwamba kuli mbee, panelo yomweyo imapereka zambiri kuposa pa mchenga wa ku Nkhata Bay. Musaigoneke pa mchenga wotentha kapena pa boneti. Iimikeni pa miyendo yake kuti mphepo izidutsa kunsi.

Nanga ndi mitambo ya ku Mzuzu kuno, sola ingadalirike?

Ingadalirike ngati mwaiwerengera ndi tsiku loipa. Tonse okhala kuno tikudziwa m'mawa wa mu Juni kapena Julayi: nkhungu yaphimba Katoto yense, kamvula kamawawa kakugwa, zovala za dzulo zikadali zonyowa pa chingwe. Ku Chikangawa ndi ku Luwawa ndiye kuposa. Tsiku lotere panelo imagwirabe ntchito koma imapereka gawo lochepa, nthawi zina limodzi mwa magawo 4, mitambo ikakhuthala kwambiri limodzi mwa 10. Panelo za 200 W zikhoza kutha tsiku lonse zitakolola 150 Wh basi, pamene furiji yokha ikufuna kawiri kapena katatu kake.

Apa ndi pamene batire limaonetsa ntchito yake. Panelo ndi munda, batire ndi nkhokwe. Amene amalakwitsa ndi amene amagula zida atayesa tsiku limodzi la dzuwa mu Seputembala, nkuganiza kuti chaka chonse n'chomwecho. Ine ndimawerengera kuti batire lizitha kunyamula kampu kwa masiku 2 dzuwa osaoneka. Ngati thumba silikulola, chepetsani zoyatsa, makamaka furiji: ikwezeni pa 4°C m'malo moundanitsa zinthu, iikeni pa mthunzi, ndipo muidzaze ndi zinthu zozizira kale kuchokera kunyumba.

Mu Seputembala ndi Okutobala vuto limakhala lina. Mitambo kulibe, koma utsi wa tchire lotenthedwa ndi fumbi zimachepetsa kuwala, ndipo galasi limada msanga.

Ndiiyang'anitse mbali iti?

Kumpoto. Mzuzu ili pafupifupi madigiri 11.5 kummwera kwa equator, choncho miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto kwathu. Mu Juni masana limakhala litapendekera kwambiri, moti panelo imafuna kuimikidwa pa madigiri 30 mpaka 35, nkhope kumpoto. Mavidiyo ambiri a pa YouTube amati kummwera, chifukwa opanga ake ali ku Ulaya ndi ku America. Ndaonapo kampu yonse itatsatira malangizo amenewo.

Chakumapeto kwa Okutobala komanso chapakati pa Febuluwale dzuwa limadutsa pamutu penipeni, ndipo pakati pa miyezi imeneyi limapendekera pang'ono kummwera. Nthawi imeneyo ipendeketseni pang'ono chabe, kungoti madzi a mvula azitsetsereka.

Ubwino wa panelo yonyamula ndi woti mutha kuitembenuza. M'mawa iyang'ane kotulukira dzuwa, masana kumpoto, chakumadzulo kolowera. Katatu pa tsiku n'kokwana. Njira yosavuta: imikani kabotolo pa galasi, muzitembenuza panelo mpaka mthunzi wa kabotoloko utasowa. Kunyumba kwathu ntchito imeneyi ndi ya mwana wathu wamng'ono, ndipo saiphonya.

Bwanji ndingolumikiza panelo ku batire mwachindunji, ngati mmene amachitira kumudzi?

Chonde musatero. Panelo yotchedwa ya 12 V imatulutsa pafupifupi 18 V ikamagwira ntchito, ndipo ikakhala yosalumikiza imafika 22 V. Batire la asidi limafuna kukwezedwa mpaka cha m'ma 14.4 V, kenako kutsitsidwa cha m'ma 13.6 V likadzaza. Popanda kontirola palibe choletsa. Madzi amawira nkuuma, mapuleti amapsa, ndipo ngati ndi batire lomata limafufuma. Usiku naonso palibe choletsa kuti zoyatsa zisalimalize.

Makontirola alipo mitundu iwiri. Ya PWM ndi yotchipa, ndipo imakokera panelo pansi kuti ifanane ndi batire. Panelo yotulutsa ma amp 5.5 (5.5 A) ikakokedwa kufika pa 13.5 V, mukupeza 74 W pa panelo yoti ikanapereka pafupifupi 100. Ya MPPT imalola panelo kugwira pa 18 V pake, nkusandutsa zotsalazo kukhala ma amp owonjezera. Kusiyanaku kumaonekera kwambiri kozizira komanso batire likatsika. Pa panelo imodzi ya mababu ndi mafoni, PWM ndi yabwinobwino. Kuyambira 200 W, ndiponso ngati pali furiji, ndalama ya MPPT imabwerera. Ya 20 A imakwana pa 200 W.

Chenjezo limodzi: pali timakontirola topepuka ngati bokosi la machesi tolembedwa MPPT koma mkati muli PWM. MPPT yeniyeni imalemera chifukwa ili ndi koyilo mkati ndi zipsepse zachitsulo kumbuyo.

Polumikiza, ndiyambe chiti?

Batire ku kontirola choyamba, kuti kontirola izindikire kuti ndi la 12 V. Panelo pambuyo. Pomasula, chotsani panelo kaye, batire pomaliza. Fyuzi ikhale pa waya wa pozitivu, pafupi ndi batire penipeni. Batire la 100 Ah (Ah ndi muyeso wa magetsi amene batire limasunga) likachita shoti lingathe kufiiritsa waya pa masekondi ochepa, ndipo tenti ndi udzu wouma sizichedwa kugwira moto. Ngati pali chinthu chimodzi chimene sindilola munthu kuchoka pagalaja panga alibe, ndi fyuzi imeneyi.

Galimoto ili ndi batire kale. N'kuguliranji lina?

Chifukwa ntchito zake n'zosiyana. Batire lolizira galimoto linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa, kenako alternator, yopanga magetsi injini ikamalira, ilidzaze pomwepo. Mapuleti ake ndi opyapyala, ndipo mukamalitsitsa usiku uliwonse silikhalitsa. Batire la deep cycle ndilo lopirira kutsika ndi kukwera tsiku ndi tsiku.

Komanso ganizirani komwe muli. Mwadutsa Rumphi, mwalowa pa geti ya Thazima, mwakwera msewu wafumbi uja mpaka ku Chelinda. M'mawa kukuzizira, injini ya dizilo ikufuna mphamvu yochuluka kuposa masiku onse, ndipo furiji yadya batire usiku wonse. Land Cruiser yodzaza katundu siikankhika ndi anthu awiri. Batire lolizira musalikhudze. Lachiwiri likhale la kampu, ndipo pakati pawo pakhale isolator kapena tchaja ya DC-DC, kuti mukamayenda alternator izidzaza onse koma mukaima asiyane. Maola a pa msewu amenewo ndi magetsi aulere, ndipo munthu amene amasamuka kampu masiku awiri aliwonse amapeza kuti sola ikungothandizira.

Ndigule la asidi kapena la lithium?

Nambala zake ndi izi. Batire la asidi la 100 Ah, kaya lothira madzi kapena lomata la mtundu wa AGM kapena gel, limasunga 1200 Wh, koma zanu zenizeni ndi theka, 600 Wh. Mukamapitirira pamenepo nthawi zonse mukulifupikitsa moyo. Limalemera pafupifupi 30 kg. La lithium, mtundu wa LiFePO4, la 100 Ah limasunga 1280 Wh, mutha kugwiritsa ntchito 1000 Wh osaliwononga, limalemera osafika theka la linzakelo, limadzaza msanga, ndipo limakhala zaka zambiri. Mtengo wake ndi wokwera, koma kwa dalaivala amene amakhala kutchire mwezi ndi mwezi ndimati alimbe mtima agule. Wopita kawiri pa chaka, AGM imukwanira.

Pali chinthu chimodzi chimene a kunyanja sachiganizira koma ife opita ku Nyika tiyenera kuchidziwa. Batire la lithium silifunika kutchajidwa likazizira kufika pansi pa 0°C. Mkati mwake mumawonongeka ndipo simukonzeka. Chelinda ili pamwamba kupitirira mamita 2000, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa usiku mpaka udzu kuyera. Dzuwa limatuluka lowala bwino panelo nkuyamba kutumiza magetsi pamene batire likadali lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Mabatire ena ali ndi BMS (kachipangizo koteteza batire) yodula yokha kukazizira, ena alibe. Funsani pogula. Ngati simukutsimikiza, ligonekeni mkati mwa galimoto, mulifunditse, ndipo mulumikize panelo kukayamba kufunda. Kuyatsira zinthu kozizira kulibe vuto. Vuto ndi kutchaja.

Kontirola nayonso muiuze mtundu wa batire. Ikatcheredwa ngati ya batire lothira madzi, nthawi zina imakweza magetsi kupitirira 15 V, zimene lithium ndi gel sizifuna.

Ndidziwa bwanji kuti batire ladzaza, kapena kuti latsika kwambiri?

Musakhulupirire nambala ya masana. Panelo ikamatchaja mumaona 13.5 V kapena 14 V ngakhale batire lili pakati. Yezani m'mamawa dzuwa lisanatuluke, zonse zitazimitsidwa kwa kanthawi. Pa batire la asidi, 12.7 V ndiye lodzaza, 12.2 V ndi theka, ndipo pansi pa 12.0 V mwalowa kale m'gawo loliwononga. Lithium ndi yovuta kuiwerenga motere chifukwa imakhala cha m'ma 13.2 V nthawi yaitali kenako nkugwa mwadzidzidzi, ndiye imafunika kachipangizo kowerenga ma amp olowa ndi otuluka.

Ndinaphunzira izi ndi batire langa. Ulendo wanga woyamba ndi furiji, tinamanga tenti m'mphepete mwa mitengo ya paini ku Chelinda pothawa mphepo. Panelo inali imodzi, yomangirira pa denga la galimoto, ndipo mthunzi unkaifika isanakwane 2 koloko masana. Tsiku loyamba m'mawa ndinawerenga 12.3 V, lachiwiri 12.0 V, lachitatu 11.6 V, mababu atayamba kufiira. Masana aliwonse kontirola inkaonetsa 13 V, ine nkumati zili bwino. Titabwerera kuno ndinalitsitsa nkulisiya pakona masabata awiri chifukwa cha ntchito. Silinadzukenso. Batire la asidi likakhala lophwa, mchere wa sulphate umauma pa mapuleti, ndipo ukauma sumasungunukanso. Linali lisanathe miyezi 7.

Ndikufuna galimoto pa mthunzi, panelo pa dzuwa. Waya wautali ulibe vuto?

Maganizo ake ndi abwino, ndipo ndi chifukwa chenicheni chogulira panelo yonyamula m'malo momangirira padenga. Koma pa 12 V waya woonda amadya magetsi. Tinene kuti panelo zili mamita 10 kuchokera pa batire ndipo zikutumiza 10 A. Pa waya wa 1.5 mm², uja wa mababu a m'nyumba, mukutaya 2.3 V m'njira. Pa 4 mm² mukutaya 0.9 V, pa 6 mm² 0.6 V. Gulani wa 6 mm² wa kopa weniweni. Wina amakhala aluminiyamu wongopaka mtundu, ndipo mukapala ndi mpeni amaoneka woyera mkati.

Kontirola ikhale pafupi ndi batire, osati kumbuyo kwa panelo ngati mmene panelo zambiri zopinda zimabwerera. Ikakhala kutali imaganiza kuti batire ladzaza lisanadzaze. Ngati muli ndi MPPT ndi mapanelo awiri ofanana, mutha kuwalumikiza motsatizana, pozitivu ya imodzi ku negetivu ya inzake, kuti atulutse 36 V pa 5.5 A, zotayika m'waya nkuchepa kwambiri. Onani kaye malire a kontirola yanu, chifukwa awiriwo osalumikiza amafika 44 V, kozizira kuposerapo. Pa PWM alumikizeni pozitivu ndi pozitivu, negetivu ndi negetivu.

Za mthunzi, ngakhale wa nthambi imodzi kapena chingwe cha tenti: timagalasi ta m'panelo tinalumikizidwa ngati unyolo, kamodzi kakaphimbidwa mzere wonse umafooka.

Kodi ndingawiritse tiyi kapena kusita pa inveta?

Ketulo ya 2000 W imakoka kupitirira 160 A pa batire la 12 V. Musayese. Tiyi ndi wa pa gasi kapena pa mbaula. Inveta, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, isiyireni zinthu zimene zimafunadi 230 V, monga tchaja ya laputopu kapena ya kamera, ndipo ikhale ya mtundu wa pure sine, yotulutsa magetsi osalala. Muzime mukamaliza, chifukwa imadya magetsi ngakhale pasanasomekedwe kanthu. Mafoni atchajeni pa USB ya 12 V, mababu akhale a 12 V.

Pogula, ndizindikira bwanji panelo yonama?

Ndi kukula kwake komanso ndi multimeter, chipangizo choyezera ma volt ndi ma amp. Panelo ya 100 W yeniyeni imakhala pafupifupi mita imodzi m'litali ndi theka la mita m'lifupi. Ikakhala yaing'ono kwambiri kuposa apo koma chomata chikuti 150 W, chomatacho chikunama. Zinandichitikirapo pa shopu ina mtauni muno. Ndinapempha kuti tituluke nayo panja cha m'ma 11 koloko, kumwamba kuli koyera. Ma volt anali bwino, 21 V, koma ma amp anangofika 4.5 pamene ya 150 W imayenera kupitirira 8. Ma volt okha sanena zoona, chifukwa ngakhale panelo yaing'ono imaonetsa 20 V.

Choncho yezani zonse ziwiri, mufananize ndi Voc (ma volt) ndi Isc (ma amp) zolembedwa kumbuyo. Wogulitsa wachilungamo sakana kuyeza. Ngati simudziwa kagwiridwe ka multimeter, tengani wodziwa. Kuno tili ndi mwayi woti ku Mzuni amaphunzitsa za mphamvu ya dzuwa, ndiye achinyamata odziwa ntchitoyi sasowa mtauni. Pa batire onani tsiku limene linapangidwa ndipo muliyeze; la asidi latsopano lisakhale pansi pa 12.5 V.

Kutchireko ndisamale ndi chiyani?

Mphepo poyamba. Kunyanja mwera ukayamba m'miyezi yozizira, panelo yopinda imauluka ngati lichero. Ikhomereni ndi zikhomo za tenti kapena mumangirire chigubu cha madzi ku miyendo yake. Ku Vwaza, pa Kazuni, anyani ndi apusi amakoka chilichonse chonyezimira, ndipo usiku mvuu ndi njovu zimayenda mpaka pafupi ndi kampu. Dzuwa likalowa pindani, lowetsani m'galimoto, kulungani waya. Kutero kumatetezanso ku akuba.

Fumbi la m'misewu ya ku Rumphi, ndowe za mbalame, ndi nkhungu zija zouluka za kunyanja zikafera pa galasi, pukutani ndi nsalu yonyowa m'mawa galasi lisanatenthe. Musathire madzi ozizira pa galasi lotentha. Batire lothira madzi limatulutsa mpweya wa hydrogen likamatchajidwa, umene umaphulika ukakumana ndi moto, ndiye lisakhale m'tenti yotseka kapena pafupi ndi mbaula. Limangirireni bwino m'galimoto kuti lisagwe pa mabampu, ndipo likaphwera madzi muthire madzi a batire okha, osati a m'nyanja kapena a pampopi.

Tabwerako. Zida ndizisunge bwanji mpaka ulendo wina?

Batire la asidi mulidzaze tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, mpaka kontirola kapena tchaja itanena kuti latha, osangoti pang'ono. Kenako chotsani mawaya onse, chifukwa kontirola ndi timagetsi ta USB zimatsopa pang'onopang'ono ngakhale palibe choyaka. Mwezi uliwonse liyezeni. Likatsika pa 12.5 V litchajeninso. La lithium ndi losiyana: limasungika bwino lili cha pakati, osati lodzaza thoo, ndipo likhale pamalo pozizira bwino.

Ambiri salisunga n'komwe, amangoligwiritsa ntchito kunyumba magetsi akazima, kuyatsira mababu ndi kutchajira mafoni. Palibe cholakwika, bola panelo izituluka panja m'mawa uliwonse kuti batire lisagone lophwa. Mitu ya batire ikachita zoyera, tsukani ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira, pukutani, mupake girisi pang'ono. Ndipo kutatsala sabata imodzi kuti munyamuke, lumikizani zonse pabwalo, yatsani furiji usiku wonse, m'mawa muwerenge ma volt musanayambe kulongedza.